A Yotamu ndi Chimanga Chimene Tinatsuka

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda amalume anga, a Yotamu Mwale a kwa Chulu. Imfa yawo siindiwawa kwenikweni. Anali okalamba, mano atatha, ndipo iwo eni ankanena kuti ulendowo wachedwa. Chimene chimandinyansa mpaka lero ndi mawu amene ananenedwa pa maliro awo.

Abusa asanayambe kulalikira, panafika galimoto yoyera ya matayala akuluakulu, yojambulidwa tsamba pachitseko. Munatuluka a Kalinde, amene kale anali mkulu wa polojekiti yoteteza zachilengedwe kwathu kuno. Tinali tisanawaone zaka zambiri, ndipo khosi linali litanenepa. Anapempha kuti alankhuleko, ndiye poti ife munthu wa galimoto sitimukaniza, anapatsidwa mpata. Anaima pafupi ndi bokosi n'kunena kuti dziko lataya ngwazi, kuti dzina la a Yotamu likudziwika mpaka kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, kuti mbewu imene anasunga idzadyetsa ana a mawa. Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinali pamphasa pakati pa amayi anzanga. Sindinaimirire kuti nditsutse. Ndikanatsutsa bwanji, poti pa zimene zinachitikazo manja anga omwewa analipo?

Amalume anali munthu wovuta, ndisaname poti anamwalira. Anali wamfupi, wa mawu akuthwa, womana mchere ndi fodya wa mphuno yemwe. Mbuzi ikalowa m'munda mwawo ankaikalipira mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kukayambiranso kwa mwini wake. Ku tchalitchi anali mkulu wa mpingo, koma kwaya ikatalikitsa nyimbo ankatsokomola dala mpaka ileke. Jekete lawo linali limodzi, la chilimwe ndi dzinja lomwe, ndipo m'matumba mwake simunkasowa njere za chimanga. Mukamacheza nawo ankatulutsa imodzi, n'kuiluma, n'kuiyang'ana, ngati inu mukulankhulanu ndinu mphepo chabe.

Chimanga chimenecho ndicho chinali moyo wawo. Chinali chamakolo, choyera koma cha mawanga ofiira ndi akuda apa ndi apo, cholimba ngati mwala, makoko ake otseka mpaka kunsonga moti mvula kapena anankafumbwe sankapeza polowera. Amayi ankachikonda chifukwa ukachikonola sichinkaphwanyika, madeya ankatuluka ochepa. Anachilandira kwa mayi awo, aNaphiri, amene anachitenga atachimanga pansalu nthawi imene anthu ankasamutsidwa m'dera limene lero ndi paki ya nyama. Amalume ankati mayi awo anasiya mtondo, anasiya mphika, anasiya manda a makolo awo, koma chimanga sanasiye. N'chifukwa chake mudzi wonse unkangochitchula kuti cha aNaphiri.

Mbewu sankasankha pamulu ngati ena. Ankasankha chimanga chili chiimire m'munda, akuyenda mzere ndi mzere manja ali kumbuyo, n'kumamanga kaluzi pa phesi limene lawasangalatsa. Akakolola ankamanga zitsononkhozo ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, n'kuzikoleka kudenga la khitchini, pamwamba penipeni pa moto. Pofika mwezi wotentha zinkakhala zitada bii ndi mwaye. Ankati utsi ndiye mlonda amene sagona ndipo sapempha malipiro. Vuto linali lakuti mlondayo ankafuna munthu womusonkhezera moto tsiku ndi tsiku, ndipo munthuyo anali akazi awo, aNabanda.

"Bambo a Kondwani, maso angawa atha ndi utsi," ankadandaula aNabanda. "Anzanga chilimwe chino akuphikira panja."

"Anzanuwo mbewu amakagula ku sitolo. Inu phikani muno."

"Kodi munakwatira ine kapena chimanga?"

"Chimanga ndinachipeza kale. Inu munachita kubwera."

Mkangano umenewu ndinaumva ndili kamtsikana, ndinadzaumvanso ndili ndi ana anga, mawu ake osasintha.

Cha mbewucho sankadzala m'munda waukulu. Anali ndi kamunda kena kuseri kwa dambo, kozunguliridwa ndi misuku ndi miombo. Kwathu kuno mitengo inatha kalekale ndi fodya, ina kumangira zigafa, ina kuwotchera m'mabalani, ndipo amalume nawonso anadula yambiri, fodya ankalima ngati wina aliyense. Koma yozungulira kamundako sankalola munthu kuthyolako ngakhale kanthambi kotsukira mano. A polojekiti atabwera anawatamanda kuti ndi munthu wokonda nkhalango. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mitengo imeneyo ndi mpanda, ntchito yake n'kutchinga mungu wa chimanga cha anthu ena kuti usadzaipitse cha mayi awo.

Ndipo pa nkhani ya munguyi anayambana ndi theka la mudzi. Zinali zaka za makuponi, pamene boma linkachepetsa mtengo wa feteleza ndi mbewu. Mayina ankawerengedwa pabwalo la sukulu, anthu apachibale n'kusiya kupatsana moni chifukwa cha kapepala, ndipo nyumba iliyonse inkabwera ndi paketi ya haibulidi, njere zake zopakidwa mankhwala ofiira. Chaka china a Chisale, oyandikana nawo munda, anadzala haibulidi wawo mpaka m'mphepete mwa mitengo ija. Amalume anawachenjeza kawiri. Kachitatu anangopita m'mawa ndi mpeni, n'kudula ngayaye zonse za mizere yoyandikana ndi mpanda wawo. Nkhani inafika kwa amfumu, analipira nkhuku, ndipo analipira akumwetulira. Pobwerera anandiuza kuti nkhukuyo inali italeka kale kuikira.

Sikuti haibulidi ankamunyoza mwaumbuli. Ankavomera kuti akapeza feteleza amabereka kuposa chawo, ndipo paketi yawo ya kuponi ankapatsa aNabanda kuti adzale kumunda waukulu. Koma ankati chimanga chimenecho ndi tenanti: chimagwira ntchito chaka chimodzi, chaka chinacho ukachifunenso kwa eni ake, ndipo tsiku limene makuponi adzaleke chidzanyamula katundu wake. Cha aNaphiri ankati ndi mwana wa pakhomo. Mbewuyo sankagulitsa. Wopempha ankamupatsa, koma ayambe wayankha mafunso ngati ali pabwalo la milandu: ukadzala kuti, woyandikana nawe amadzala chiyani, khitchini yako ndi ya udzu kapena ya malata. Ukayankha bwino ankakuthirira pansonga ya chitenje, n'kukuuza kuti pokolola udzabweze zitsononkho ziwiri adzazione. Makuponi atabwera, opempha anayamba kuchepa, mpaka anatheratu.

Polojekiti inafika m'zaka zomwezo. Tinauzidwa kuti mayiko agwirizana, lathu lino, la Zambia ndi ena a azungu, kuti ateteze nyama za m'paki, mitengo, ndiponso mbewu zamakolo za ife okhala m'mphepete. Mfundo yake inali yabwino, ndipo mpaka lero sindiitsutsa. Njovu siidziwa malire, njala nayonso siiwadziwa. Ine poti ndine mphunzitsi ndipo chizungu ndimachiyesako, anandisankha kukhala mlembi wa komiti. Ndinavomera mosakakamizidwa. Kunali misonkhano ya mabanzi ndi zakumwa za m'mabotolo, kunali matisheti, kunali alawansi, ndipo ndinganame nditati ndinkapitira chikondi cha nzama ndi mawere. Pafupi ndi mjigo anatimangira kanyumba ka njerwa zowotcha, kofolera malata, kopanda zenera koma kabowo kamodzi kumtunda. Anakatcha banki ya mbewu. Pakhoma anajambula mbendera zinayi, ziwiri timazidziwa, ziwiri zinazo palibe ankadziwa eni ake.

Chaka chimenecho kunali ng'amba. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pofika mwezi wa Ogasiti nkhokwe zambiri, ya amalume yomwe, zinali zopanda kanthu. Cha aNaphiri chimene chinatsala pa dziko lonse lapansi chinali chokoleka ku khitchini chija.

Kenako kunamveka kuti kukubwera alendo ochokera kunja kudzaona banki yathu. A Kalinde analowa m'kanyumbako, n'kuona mashelefu ali mbee, mabotolo ochepa okha a khobwe ndi nzama.

"Aphunzitsi," anatero kwa ine, "anthu akwera ndege kudzaona zimenezi? Mutichititsa manyazi. Amalume anu aja si ali ndi chimanga chodzaza denga?"

Ndinapita kukapempha. Amalume ananditsitsira zitsononkho zongokwana m'lichero, n'kunena kuti alendo akangopita zibwerere tsiku lomwelo. Mawa lake kunabwera uthenga wa maliro a mnzawo wa ku Chamama, ndipo anakwera njinga. Mtunda umenewo pa njinga ya munthu wokalamba si wobwerera tsiku lomwelo. A Kalinde ataona lichero limodzilo anapukusa mutu. Ndinabwerera ku khitchini kuja ndi amayi atatu a m'komiti.

"Tengani chonse," anatero aNabanda. "Mwina ndiphikireko panja masiku awiri ngati munthu."

Ine ndemwe ndinakwera pa mtondo n'kumatsitsa. Mwaye unkandigwera m'maso, ndikuseka.

Titafika nacho, a Kalinde ananyamula chitsononkho chimodzi ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Izi alendo akaona adzati ndife anthu auve. Ndiponso pachithunzi siziwoneka. Tonolani, mutsuke, muike m'mabotolo."

Apa ndiye pamene pamandinyansa kwambiri. Tonse tinalipo tinali ana a alimi. Panalibe mmodzi amene sankadziwa kuti mbewu siikhudzana ndi madzi tsiku lodzala lisanafike. Koma ife kukamabwera mlendo nzeru zimathawa. Timasesa mpaka pansi pa nkhokwe, timazira nyumba imene mlendoyo sadzalowamo, timabisa mwana wa zipere kwa aneba. Ndiye chimanga chakuda chikaonekere pamaso pa azungu? Tinatonola, tinapita nacho pa mjigo ndi mabeseni, wina anathiramo ndi sopo waufa pang'ono kuti chiwale. Tinkaimba nyimbo za chigwirizano tikutsuka. Madzi akuda ankayenderera kupita ku nthochi. Tinachiyanika pamphasa theka la tsiku, nthawi inali itatha, n'kuchithira m'mabotolo n'kutseka zolimba. Chotsala tinachiika m'thumba pakona. Zitsononkho ziwiri zokha ndizo zinapulumuka, chifukwa a Kalinde anati tizikoleke pa msomali zakuda choncho, alendo aone njira yachikale imene polojekiti ikuthetsa.

Kunena zoona chinkaoneka bwino. Mawanga ake ofiira ankawala m'magalasimo ngati mikanda.

Amalume anafika tsiku la alendo lenilenilo, gule wa chimtali ali mkati, fumbi la ku Chamama lili m'nsidze. Asanatsamiritse n'komwe njinga, anthu anawaveka tisheti ya polojekiti pamwamba pa jekete lija, n'kuwakokera m'kanyumbako kumene alendo ankadikira. Anaima pakhomo. Anayang'ana shelefu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Ananyamula botolo limodzi n'kuliyang'anitsa kowala, ndipo nanenso ndinaona timadontho ta thukuta mkati mwa galasi.

"Nambewe," anandiitana chapansipansi, "ichi n'chiyani?"

"Ndi cha aNaphiri, amalume. Tangochikonzako pang'ono."

"Chonse?"

"Chonse."

Munthu uja wokalipira mbuzi mpaka madzulo anadzigwira. Panali alendo. Anabweza botolo pamalo pake mosamala, anapukuta manja pa tisheti, n'kupereka moni wa manja awiri kwa aliyense. Ulemu umenewu tinauyamwira, ndipo tsiku limenelo unatipha.

Pakati pa alendowo panali mayi wina wachizungu, wamtali, nkhope itapsa ndi dzuwa. Ameneyu sindimuda. Anakhala pansi pa simenti, anafunsa mbiri ya chimangacho, ine ndikumasulira, ndipo atamva za aNaphiri ndi nsalu yawo misozi inalengeza. Kenako anapempha ngati angatengeko pang'ono. Amalume moyo wawo wonse anali asanakanizepo munthu wopempha mbewu mwaulemu, ndipo mlendo sakanamupatsa chonyowa. Anatambasula dzanja pa msomali paja n'kutsitsa zitsononkho ziwiri zakuda zija.

"Uwafunse akadzala kuti," anatero kwa ine. "Ndipo oyandikana nawo amadzala chiyani."

Ndinafunsa. Mayiyo anayankha moona mtima kuti sichikadzalidwa. Chikaumitsidwa, n'kutsekeredwa m'nyumba yozizira kwambiri, kumene amasungako mbewu za mayiko ambiri kuti zisadzathe pa dziko. Ndinayang'ana a Kalinde, a Kalinde anandiyang'ana.

"Akuti ali ndi malo abwino, amalume. Akachisamala."

Umenewo ndiwo unali umphunzitsi wanga tsiku limenelo. Amalume anapereka, anasaina pepala limene sanaliwerenge, anajambulidwa atanyamula botolo. Mumtima ankadziwa kuti alendo akangotuluka, iwo akhuthula mabotolo onse pamphasa, mwina china n'kupulumuka, poti dzuwa linali likadalipo.

Koma alendo anali pa changu, ankafuna kukafika ku Lifupa, m'paki muja, kukaona njovu zikumwa madzi. Anthu anathamangira kukaperekeza magalimoto, ndipo a Kalinde anakoka chitseko, loko n'kuti khethe, kiyi m'thumba.

"Bwana," anatero amalume atawagwira mkono, "chimanga chija n'chonyowa."

"Musadandaule madala, mabotolo amenewo ndi ochokera kunja. Mawa ndibwera."

Mawa limenelo linadzakwana pa maliro. Tinamva pambuyo pake kuti alendo aja anabwera kudzatsekera gawo loyamba la polojekiti, ndipo gawo lachiwiri linkadikira kuti mayiko asainirane. Amalume anapalasa njinga kupita ku boma kawiri kukafuna a Kalinde. Ulendo woyamba anauzidwa kuti bwana ali ku msonkhano. Wachiwiri anapeza mlonda yekha, chikwangwani cha polojekiti atachotsa. Atanena kuti athyola chitseko cha banki ya mbewu ija, komiti yonse inawaukira. Ena ankati nyumba ya mbendera zinayi ukaithyola ndi mlandu wa mayiko anayi, ukafera kundende. Ena ankanena zoona zake, kuti a polojekiti akamva kuti kwathu kuli anthu othyola maloko, gawo lachiwiri lipita kumudzi wina pamodzi ndi mabanzi ake. Ine ndinali mlembi, ndipo ndinalemba m'buku kuti komiti yagwirizana kudikira.

Tinadikira mwezi wonse wa Okutobala, malata akulira ndi kutentha. Tsiku lililonse amalume ankabwera, n'kukwera panjerwa, n'kuika mphuno pa kabowo kaja. Amayi a pa mjigo ankaseka kuti a Yotamu akukazonda wodwala.

Mvula yoyamba itagwa sanafunsenso munthu. Anabwera masana dzuwa lili pamutu, nkhwangwa ili paphewa, anthu akuona, n'kumenya loko katatu. Fungo limene linatuluka m'menemo linali ngati la masese owola. M'mabotolo munali chuku chobiriwira ndi chakuda, njere zina zitamera mizu n'kufera momwemo. Thumba la pakona linkachita kumveka kulira kwa anankafumbwe, ndipo atalikhudza linatulutsa ufa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apolisi a mayiko anayi aja sanabwere, mpaka lero.

Anakhala masiku awiri pakhonde ndi lichero, akusankha njere imodziimodzi, iliyonse akuifinya ndi chikhadabo. ANabanda anakhala pambali pawo akusankha nawo, ndipo sindinawamvenso akudandaula za utsi. Zimene anapeza anakadzala kuseri kwa dambo. Zinamera zowerengeka, zachikasu, ndipo zinafa zisanafike m'mawondo.

Ine ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndinkafuna atatero. Ndinapita ndekha kukakhala pansi pakhomo pawo. Anandiyang'ana ngati mmene ankayang'anira njere yofumbwa.

"Iwe ndiwe mphunzitsi," anatero. "Lemba kalata. Uwauze mayi aja andibwezere zitsononkho ziwiri."

Ndipamene ndinaulula zimene mayiyo ananena zenizeni. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Lembabe."

Kalata ili m'njira, anayendera onse amene anawapatsapo mbewu. Ambiri anali atasiya kalekale. Ochepa amene ankati akadali nacho ankatulutsa chimanga chimene amalume ankangoluma kamodzi n'kulavula: chinali chitakwatirana ndi haibulidi, chofewa, makoko osatseka. Anazungulira paki pa njinga mpaka kutsidya kwa malire, kwa msuweni wawo amene anatengako mbewuyo ali anyamata. Anapeza msuweniyo atamwalira, ana ake nawonso ali pamzere wa feteleza wotsika mtengo wa boma lakwawo. Anabwerako atawonda, tayala lakumbuyo atalimanga ndi luzi.

Yankho linabwera patatha miyezi, m'envulopu yokongola. Mayi uja analemba yekha, mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti zinamukhudza. Anati mbewu ili bwino, yalembedwa nambala, ndipo siidzatayika. Koma malinga ndi pangano la mayiko, iye sangaitumize kwa munthu payekha. Pempho liyenera kuchokera ku maofesi a boma oona za kafukufuku, lidutse kwakutikwakuti, pakhale ndi chikalata chosonyeza kuti mbewuyo siibweretsa matenda m'dziko. Chimanga chobadwira kwa Chulu chinkafunika chilolezo kuti chilowe kwa Chulu! M'envulopumo munalinso kabuku konyezimira, pachikuto pali amalume atavala tisheti pamwamba pa jekete, botolo lili m'manja. Amene sankawadziwa akanati akumwetulira.

Nditawamasulira kalatayo, amalume anafunsa ngati m'nyumba yozizirayo mumagwa mvula. Ndinati ayi. Anafunsa ngati muli munthu amene amachiluma kuti aone ngati chikadali cholimba. Ndinati sindikudziwa. Ndiye ananena mawu amene ankawabwereza mpaka imfa yawo, akuti mbewu imakhala ndi moyo chifukwa chaka chilichonse imakwiriridwa n'kudzukanso, imaphunzira mvula ya chaka chimenecho, ndipo malo ozizira osungirako zinthu kuti zisawole iwo akuwadziwa amodzi okha, ndi mochale ya kuchipatala. Kabukuko anapatsa aNabanda kuti azikupizira moto.

Maofesi ndinayenda, tchuthi chilichonse. Uku ankati lembani fomu, uko ankati fomuyo inasintha. Kwina ndinapeza woyenera kusaina ali kunyanja ku msonkhano wokambirana za kuteteza mbewu zamakolo. Wina wachifundo anandinong'oneza kuti pempho la mlimi mmodzi silingayende, pokhapokha patabwera polojekiti ina yobwezeretsa mbewu kwa alimi, ndipo akumva kuti ikukonzedwa. Mwina ndi imene inagula galimoto yoyera ija. Amalume nthawi zonse ndikabwerako sankafunsa za ulendo. Ankangoyang'ana m'manja mwanga, akaona mulibe kanthu n'kuyamba nkhani ya mitengo ya fodya ku okushoni.

Anthu amati ndisamadziimbe mlandu, ndinkafuna zabwino. Zabwino zake ziti? Azungu anachita za kwawo, anasunga chimene anapatsidwa monga amadziwira kusunga. A Kalinde anachita za ntchito yawo, imene ndi kusangalatsa wobweretsa ndalama. Koma amene ankadziwa ntchito ya mwaye, n'kuutsuka ndi sopo akuimba, ndi ife. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ife tinapereka wathu ku mphepo kuti mlendo atione aukhondo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti amalume sanasiye kulima kamunda kaja. Zaka zonsezo, chilimwe chikafika pachimake, ankapita kuseri kwa dambo kukasosa ndi kugalauza mizere, n'kusadzalamo kanthu. Kondwani, mwana wawo, anawapempha kangapo kuti aikemo fodya kapena soya, poti nthaka yake ndi yakuda bwino. Ankakana. Ankati envulopu ikhoza kufika mvula itagwa kale, ndiye isadzapeze malo ali ndi mwini. Chaka chathachi miyendo inali itakana, koma anapitabe ndi kakhasu kakafupi, akugalauza atakhala pansi, mzere umodzi tsiku lonse. Anamaliza kutatsala milungu itatu kuti amwalire.

Ndinapitako Loweruka lapitali. Njira yake yayamba kutsekeka, ndinadutsa ndikupatula udzu ndi manja. Mkati mwa mitengomo muli zii, mphepo ya kudambo siifikamo, ndipo masuku agwa okha n'kuwolera pansi. Mizere ija ikuonekabe ngakhale mvula ya chaka chathunthu yaiphwasula. Yoyambirira ndi yowongoka, yomalizira ndi yokhotakhota ndi yaifupi, ndipo ukhoza kuona pamene munthu ankakhala n'kumadzikoka. Pamwamba pake pamera chisoso ndi bonongwe, zauma zili chiimire.

Ndili komweko ndinamva kugogoda. Anali Kondwani, akuyenda mtengo ndi mtengo ndi chikwanje, akusema kachizindikiro pa uliwonse wowongoka. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti wadikira chaka chathunthu chifukwa cha bambo ake, koma chigafa chake chagwa mbali imodzi ndipo fodya ku nazale wakula. Ndinamufunsa kuti nanga envulopu ikadzabwera tidzadzala pati, poti mbali zonse ndi haibulidi.

"Asisi," anatero, "inuyo mukuona ngati ibwera?"

Ndinayang'ananso mizere ija. Akuti odula mitengoyo afika Lolemba.